Sewero lokambirana panjira

Kwa Nchema munthu sayenda popanda chifukwa. Ukatuluka madzulo chimanjamanja, wopanda khasu kapena thumba la kuchigayo, mayi woyamba kukumana naye amafunsa, "Kwagwanji, achimwene?" Ukayankha kuti ukungowongola miyendo, mawa lake mudzi wonse wamva kuti uli ndi chibwenzi kutsidya. N'chifukwa chake tsiku la zisudzo ndimalikonda. Limandipatsa chilolezo chodutsa m'tinjira ta m'minda ya nandolo ndi chinangwa, osafunsidwa mafunso.

Vuto ndi masewero amene amatipeza kuno. Amabwera pagalimoto ya bungwe, chimkuzamawu chili padenga, ndipo mutu wake umadziwika ochita sewero asanavale n'komwe: kolera, maukwati a ana, kubzala mitengo. Nkhanizi n'zofunika, sindikukana. Komatu masewero oterewa anayamba bwino. M'zaka za m'ma 1980 a Travelling Theatre a ku Chancellor College, pamodzi ndi Chris Kamlongera, ankalowa m'midzi ya cha ku Liwonde n'kumalola oonerera kudumphira m'sewero, kutsutsana ndi ochitawo, mpaka yankho lichokere kwa eni mudzi. Lero yankho limabwera litaphikidwa kale. Bambo woledzera alapa, mwana abwerera kusukulu, mlendo wolemekezeka alankhula, ndiye agawa malaya.

Ine sewero ndimaliyesa pobwerera. Anthu amayenda m'timagulu, amayi patsogolo ana ali kumsana, anyamata akukankha njinga, ndipo sewero likakhala lakupsa mkangano umayambira pachipata cha sukulu mpaka pamphambano. Wina ati mkazi uja analakwa, wina ati wolakwa ndi apongozi, ndipo agogo amaima kaye panjira kuti afotokoze bwino. Likakhala la bungwe, anthu amangokamba za amene walandira malaya.

Izeki ndi Jakobo ankadziwa zimenezi. John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021, koma anyamata a kabaza amawatsanzirabe, pakuti awiriwa ankaseketsa osakuuza choti uganize. Du Chisiza Jnr, amene anamwalira mu 1999, ankadzaza French Cultural Centre ku Blantyre ndi gulu lake la Wakhumbata pa nthawi imene sewero linkayamba ladutsa ku Censorship Board. Anthu ankatuluka akunong'onezana kuti kodi munthuyu amanena yani. Masewero ake ambiri anali m'Chingerezi, ndiye kumudzi kuno ankangomveka mbiri.

Chonsecho nkhani tili nazo m'boma lomwe lino. Ku Mbombwe, John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Mu Januwale 1915 anthu ake anapha William Jervis Livingstone ku Magomero, ena n'kukatentha mishoni ya Nguludi. Tangoganizani sewero la mayi amene mwamuna wake wanyamula mkondo usiku umenewo, pomwe mchimwene wake ndi kapitawo wa mzungu yemweyo. Ana a sekondale akhoza kulichita pansi pa mtengo wa mango, Loweruka masana, khomo la K500.