Nyimbo za Fauré sizifuna kukokedwa

Anthu ambili amene amamvetsela Gabriel Fauré pa foni amayambila pa Pie Jesu, ndipo amathelanso pomwepo. Ni kanyimbo ka mphindi zitatu cabe. Mukalemba dzina lake pa YouTube mupeza oimba osawelengeka, ndipo ambili amakakoka ngati afuna kutifinya misozi tisanamve n'komwe mau. Ife tikana kaimbidwe kameneko. Mfalansa uyu, amene anabadwa mu 1845 n'kumwalila mu 1924, analemba nyimbo zodziletsa, ndipo malekodi ake abwino ni aja amene oimba nawonso anadziletsa. Popeza ma bundle a intaneti si a mahala, ni bwino kudziwilatu amene muyenela kufunafuna.

Tiyambe na Requiem, misa ya akufa mmene muli Pie Jesu. Inaimbidwa koyamba mu 1888 pa malilo enieni, m'chalichi ca La Madeleine ku Paris, kumene Fauré anali kuyang'anila kwaya. Oimba anali ocepa, mau apamwamba anali a tuanyamata, zoimbila zinali zowelengeka. Fauré anasiya ndakatulo yaitali yoopseza ya Dies irae, ya tsiku la mkwiyo, n'kutengako mizela yothela cabe. Mantha a ciweluzo amangosuzumila pang'ono mu Libera me, kenako misa imatha na In Paradisum, nyimbo yopelekeza mtembo. Requiem ya gulu lalikulu la zoimbila inabwela pambuyo, mu 1900, ndipo ndiyo inafala kwa zaka zambili.

Lekodi yochuka ya André Cluytens ya 1962 ni ya mtundu waukuluwo. Muli Victoria de los Ángeles na Dietrich Fischer-Dieskau, maina olemela, ndipo mau a mayiyo ni okoma zedi. Timailemekeza, koma imayenda mwapang'onopang'ono kwambili, moti kwaya imamveka monga anthu amene asenza katundu pokwela phili. Tikonda kwambili ya David Willcocks na kwaya ya King's College ku Cambridge, ya 1967. Pie Jesu anaimba ni kamnyamata, Robert Chilcott, amene atakula anakhala wolemba nyimbo za kwaya wodziwika. Sanjenjemeletsa mau, sayesa kuticititsa cisoni, amangopempha mpumulo n'kukhala cete. Koma yoposa zonse kwa ife ni ya Philippe Herreweghe ya 1988, imene inabwelela ku kalembedwe ka 1893 ka zoimbila zocepa. John Rutter anali atayamba kale kucita zimenezi mu 1984 na Cambridge Singers, ndipo nayenso ni wabwino. Mwa Herreweghe mumamva liu lililonse la Cilatini, ndipo violin imodzi yokha ikatulukila mu Sanctus imakhala monga munthu watsegula zenela m'nyumba yamdima.

Wina angatsutse kuti nyimbo ya malilo iyenela kulilitsa. Aliyense amene anagonapo pa nyumba ya malilo kwathu kuno adziwa zina. Mayi wotsogolela nyimbo usiku akayamba kulila pakati pa vesi, nyimbo imaduka ndipo ofedwa amasowa potsamila. Amene amathandiza ni uja amene agwila liwilo limodzi mpaka mbandakuca. Fauré anaimba ogani pa malilo ambili m'moyo wake, ndipo anali kuidziwa nchito imeneyi.

Pa piyano ndiye pali cuma cimene ambili sacidziwa. Analemba ma nocturne 13 na ma barcarolle 13, kuyambila unyamata mpaka ukalamba. Funani dzina la Germaine Thyssens-Valentin. Mayiyu anasiya kuimba pagulu kwa zaka zoposa 20 kuti alele ana ake asanu, ndiyeno atabwelela anajambula ma nocturne onse m'ma 1950. Lekodi ni yakale, piyano imamveka youma pang'ono, koma saima panjila kuti adzionetse. Mvelani wa nambala 6, wa 1894, kenako mulumphile ku wa 13, wa 1921. Pa nthawiyo makutu a Fauré anali atawonongeka, mau apamwamba na apansi anali kumufika opotoka, ndipo nyimboyo ilibe zokometsela, mpaka pakati pake imakalipa. Oliza piyano ena amaifewetsa kuti ifanane na Chopin, ndipo potelo amaipha. Ngati phokoso la malekodi akale limakuvutani, Jean-Philippe Collard anajambula zomwezi m'ma 1970 ndipo zimamveka bwino.

Nyimbo za munthu mmodzi na piyano zilipo pafupifupi 100, zonsezo zovuta kwa ife cifukwa ca cinenelo. Apa ndiye woimba ayenela kukhala wochula mau momveka, kuti olo Cifalansa sitimva, tizindikile pamene ciganizo cayambila na pamene cathela. Gérard Souzay ali mnyamata anali katswili pa zimenezi. M'malekodi a nyimbo zonse amene anagawana na Elly Ameling m'ma 1970, Dalton Baldwin ali pa piyano, mau ake anali atatopako, ndipo Ameling ndiye amawala. Après un rêve oliza cello anailanda kalekale, ndipo amaikoka mpaka kuiwalitsa kuti inali na mau. Imveni mwa Souzay coyamba.

Timabwelela kawilikawili ku L'horizon chimérique, tunyimbo tunayi twa 1921, pa ndakatulo za Jean de La Ville de Mirmont, mnyamata amene anaphedwa pa nkhondo mu 1914. Tumakamba za nyanja na zombo na maulendo amene sanacitike. Fauré anatupeleka kwa Charles Panzéra, amene anatuimba koyamba mu 1922 n'kutujambula m'ma 1930, mkazi wake akuliza piyano. Lekodiyo ili na tumaphokoso twa mbale zakale, ndipo tonse tunayi situfika mphindi 10.

Kwa atsogoleli a makwaya amene ali na kibodi na mau anayi, pali Cantique de Jean Racine, imene analemba mu 1865 akali pa sukulu ya Niedermeyer, ndipo inamupatsa mphoto yoyamba. Ili pa lekodi ya Rutter ija. Poiphunzitsa, a besi ndiwo amayamba, ndipo ndiwo amakonda kucedwa.