Tsegulani makabati a mabukuwo

Pali nyimbo imene akuluakulu amakonda kuimba pa misonkhano ya m'mahotela, yoti Amalawi sakonda kuwerenga. Ine imandinyansa. Munthu angakonde bwanji chinthu chomwe saloledwa kuchigwira? Lowani mu ofesi ya ahedi pa sukulu zambiri zakumudzi. Mupeza kabati yokhoma ndi loko, m'katimo muli mabuku obwera ndi mabungwe, ena akadali m'makatoni, chiswe chitayamba kale kudya m'mphepete. Mukafunsa, akuti ana ang'amba, ndipo oyendera sukulu akapeza ena atasowa mlandu ukhala wa ahedi.

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale kadamubwereka buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankangotsatira zithunzi. Adatola fani ya thirakitala, njinga yakutha ndi mitengo ya bulugamu, n'kupanga makina oyendera mphepo omwe adayatsa magetsi pakhomo pa makolo ake. Woyang'anira kalaibulaleko akadaopa kuti mwana wosiya sukulu adetsa bukulo, bwenzi lero dzina lake tisakulidziwa.

Nzeru zili ngati mjigo: ndi za mudzi wonse, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wouika loko poti iye ndiye amasunga sipanala.

Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa National Library Service mu 1967, koma mayi wa ku Nthalire kapena ku Makhanga sangalipire basi kuti akabwereke buku kutauni. Bukulo limutsatire komwe ali. Magulu tili nawo kale. Amayi a banki m'khonde amakumana sabata iliyonse osajomba, amasunga bokosi, amalemba wotenga ndi wobweza. Anthu okhoza kusamala ndalama chonchi alephera kusamala mabuku khumi?

Buku limodzi likwanira gulu lonse. Mmodzi awerenge mokweza, ena amvetsere, kenako atsutsane. Agogo omwe sadapite kusukulu akamva Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe kapena Nthondo la Samuel Ntara, ndiwo adzakonze wowerengayo, poti zambiri zolembedwamo adaziona ndi maso. Ndipo zisathere pa nthano zokha. Lamulo la malo a makolo la 2016 likukhudza munda wa aliyense, koma ambiri amangolimva m'mphekesera mpaka tsiku lomwe munthu wachilendo wabwera ndi mapepala.

Mabuku ena adzang'ambika, ena adzasowa, inde. Unduna wa Zamaphunziro uvomereze zimenezo ndipo uuze ahedi poyera kuti sadzaimbidwa mlandu chifukwa cha buku lothaitha. Oyendera sukulu akafika azipempha kaundula wa obwereka, aone kuti teremu ino mabuku angati atuluka, ndipo mwa obwerekawo ndi angati ali makolo ndi achinyamata osiya sukulu.