Prebiotics sachiza autism, koma m'mimba mwa mwana musamalidwe

Amalonda a pa Facebook ndi WhatsApp apeza msika watsopano: makolo a ana omwe ali ndi autism. Akuwagulitsa timabotolo ta ufa wa prebiotics, ati ukakonza m'mimba mwa mwana, autism ithera pomwepo. Bodza limeneli limayenda bwino chifukwa lasakanizidwa ndi zoona.

Zoona zake ndi zakuti ana ambiri otere amavutika ndi kudzimbidwa, mpweya ndi kutsegula m'mimba. Mwana wosayankhula sanganene pomwe pakupweteka. Amalira, amadziluma, usiku sagona, achibale n'kuyamba kunong'onezana zoti bambo wake anamukhwimira. Chonsecho mwina mwanayo watha sabata osachita chimbudzi.

Prebiotics ndi mbali ya chakudya imene thupi siligaya, koma imadyetsa tizilombo tabwino ta m'matumbo. Mu 2018 akatswiri a ku yunivesite ya Reading ku Britain anayesa mtundu umodzi kwa masabata 6 pa kafukufuku wa ana 30. Anaona kusintha pa kachezedwe ka ana amene ankasalanso tirigu ndi mkaka. Ana 30 n'ngochepa kwambiri kuti munthu agulitsire mbuzi.

Kafukufuku amene ine ndimamukhulupirira kwambiri anachitika ku Australia pa ana 247, ndipo anatuluka mu 2021. Anapeza kuti nkhaniyi tinkaiwerenga chadodolido. Mwana wa autism amakakamira zakudya zochepa zomwezomwezo, kaya ndi phala la ufa woyera tsiku ndi tsiku, ndipo kadyedwe kameneko n'komwe kamachepetsa mitundu ya tizilombo ta m'matumbo mwake. Umboni woti tizilomboto ndi timene timayambitsa autism sanaupeze.

Nanga titani? Zomwe ali nazo m'botolo zilinso pa msika wa Limbe: nyemba, nandolo, anyezi, adyo, nthochi zosapsetsa, mgaiwa. Vuto si kuzipeza, koma kuti mwanayo azilandire. Mbale yodzadza nyemba akankhira kutali, ndipo akaidya yonse mpweya umusautsa. Yambani ndi supuni imodzi yophwanyira m'chakudya chimene amachikonda, muzimumwetsa madzi okwanira, ndipo musamumenye akakana.

Ngati kudzimbidwa kukupitirira, kapena mwana akuwonda, pitani naye kuchipatala mukanene za m'mimbazo mosabisa. Ndalama za kabotolo zisungeni zikhale za thiransipoti yopitira kwa amene angamuphunzitse kulankhula ndi kudzisamalira.