Safunsa anadya phula

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu uja anapatsidwa chisa cha njuchi, manyazi namugwira kuti afunse kadyedwe kake, basi n'kumeza zonse, uchi ndi phula lomwe. Mwambiwu unandibwerera mwezi wathawu pamene mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene amalima soya ndi nshawa kumudzi kwathu, anafika pakhomo panga pano pa boma la Lundazi dzuwa lili paliwombo. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, madzi anakana, nakhala pansi maso ali pa zala zakumapazi.

"Atsibweni, andidyera," anatero, akundipatsa foni.

Pa Facebook panali munthu wovala mkanjo wofiirira, kumbuyo kwake kuli fano la Buddha ndi makandulo. Analonjeza tantra yokokera ndalama. Utumize kangachepe pa foni, iye akupatse mantra yachinsinsi yoti uzinena maulendo 108 pakati pa usiku kwa masiku asanu ndi awiri. Mnyamatayo anagulitsa matumba awiri a soya natumiza. Mawuwo anabweradi pa WhatsApp, ndipo sabata yathunthu ankaimirira kuseri kwa nkhokwe, udzudzu ukumudya, akung'ung'udza zinthu zimene sankazimva. Litakwana tsiku lachisanu ndi chitatu m'thumba muli mbee, anauzidwa kuti karma yake ndi yoipa, iyenera kutsukidwa, ndipo kutsukako kuli ndi mtengo wake.

Amayi ake atamva anafuna kuponya foniyo pamoto. Kwa iwo mlandu unali utatha kale: za satana, mwana walowa zokhwima, aitanidwe abusa. Ine ndinaona kuti mayi ndi mwana adya phula limodzi, wina chifukwa cha dyera, wina chifukwa cha mantha. Panalibe amene anafunsa kuti mawu amenewa kwawo ndi kuti, ndipo eni ake akawatchula amatanthauza chiyani.

Ine si wa Chibuda. Ndinabatizidwa ndili khanda ndipo mpando wanga m'tchalitchi ukudziwika. Koma ndinagwira choko zaka zambiri, ndipo mphunzitsi akaona mawu akugwiritsidwa ntchito mokhota, kummero kumamuyabwa.

Chiphunzitsochi chinayamba ndi Siddhartha Gautama, amene anabadwira ku Lumbini, m'dziko la Nepal lamakono, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Anali mwana wa kubanja lachifumu, ndipo chuma anachisiya dala. Mfundo iyi yokha ikanamupulumutsa mnyamata wanga: kodi munthu amene anathawa chuma angasiye mankhwala okokera chuma? Dzina loti Buddha si la mulungu, limatanthauza wogalamuka, munthu amene wadzuka kutulo. Ulaliki wake woyamba, ku Sarnath, anauyala ngati sing'anga woona: matenda, gwero lake, kuchira kwake, ndi mankhwala ake. Matendawo anawatcha dukkha, kusakhutira kumene kumatsatira moyo, ngati njinga ya gudumu lopindika imene imayenda ndithu koma ikukugwedeza njira yonse. Gwero lake analitcha tanha, ndipo tanha m'chiyankhulo cha Pali ndi ludzu basi. Ludzu lofuna ichi, ukachipeza ufune icho. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada; agogo athu anaziona zomwezo pamtengo wa zipatso.

Ndiye taonani chinyengo chake. Wakuba uja anatenga dzina la chiphunzitso chimene chimati ludzu ndilo matenda, n'kuligwiritsa ntchito pogulitsa madzi amchere.

Nirvana, imene ena amayesa ndi kumwamba kwa Abuda, mawu ake amatanthauza kuzima. Chozima ndi moto utatu: dyera, chidani ndi umbuli. Moto ukasowa nkhuni umazima wokha, supita kwina. Nayo karma, imene achinyamata athu amaitchula masiku ano mnzawo akagwa panjinga, tanthauzo lake ndi chochita, makamaka chochita mwadala, chochokera mumtima. Ndi mbewu imene wafesa wekha. Ife timati choipa chitsata mwini, ndipo apa tayandikana nawo. Koma karma si tsoka lokuponyera mnzako, si minyama yoti wina akusambitse kumtsinje wa Lundazi utamulipira. Wouza munthu kuti amutsuka karma ndi ndalama za pafoni akufanana ndi wouza mlimi kuti akalipira, chimanga chimene anabzala chidzabala mpunga.

Pali liwu lina limene linandivuta zaka zambiri: sunyata, limene amalimasulira kuti kupanda kanthu. Ndinkati anthuwa akunena kuti dziko kulibe. Ayi. Nagarjuna, katswiri wa ku India amene anakhalako zaka pafupifupi 1,800 zapitazo, ankatanthauza kuti palibe chinthu chimene chimaima pachokha. Ndinatenga nshawa imodzi m'lichero la amayi akunyumba n'kumufunsa mnyamatayo kuti andionetse pamene pali unshawa wake. Muli mvula ya Disembala, muli dothi la kumunda kwa agogo ake, muli thukuta la aganyu, muli mbewu ya chaka chatha imene inachokeranso ku ya chaka china. Chotsa zonsezi, m'dzanja mutsala chiyani? Kali kokha n'kanyama, timatero ife ponena za anthu. Iwo anaukoka mwambiwo mpaka unaphimba mwala, mtengo ndi maganizo omwe.

Ndisanamize munthu kuti zonse n'zofanana ndi zathu. Chibuda sichiphunzitsa za Namalenga, Chauta amene ife timati anaumba zonse. Chimaphunzitsa kuti munthu amabadwanso kambirimbiri, pamene ife timati akufa amakhala mizimu yotiyang'anira, kapena amadikira tsiku lachiweruzo. Chimatinso mwa munthu mulibe kanthu kosasintha kotchedwa ine. Apa ine ndimasiyana nawo, ndipo sindibisa. Koma kusiyana ndi munthu utamumva n'kwina, kumuthamangitsa usanamulonjere n'kwinanso.

Tsopano tantra, liwu limene linadya soya wa mwana wa mlongo wanga. M'chiyankhulo cha Sanskrit limachokera ku ntchito yoluka nsalu: ulusi wotambasulidwa umene wina umapingasa, monga chingwe chimene chimagwira bango la mphasa. Ndi dzina la gulu la mabuku ndi miyambo imene inakula ku India zaka mazana ambiri Buddha atamwalira, ndipo Ahindu nawo ali ndi yawo. Mwa Abuda njira imeneyi imatchedwa Vajrayana. Inakhazikika ku Tibet m'zaka za m'ma 700, mfumu Trisong Detsen itaitana mphunzitsi Padmasambhava, ndipo nyumba yoyamba ya amonke kumeneko, Samye, inamangidwa nthawi imeneyo. Ganizo lake lalikulu ndi lakuti poizoni akhoza kusanduka mankhwala: mkwiyo ndi chilakolako, m'malo mongozithawa, wophunzira amaziyang'ana mpaka mphamvu yake itembenukire ku nzeru ndi chifundo. Pamwambo mphunzitsi amagwira kachitsulo kotchedwa vajra kudzanja lamanja ndi belu kumanzere. Kachitsuloko kakuimira chifundo chogwira ntchito, belulo nzeru. Mantra ndi mawu obwerezabwereza omangira maganizo pamalo amodzi, ndipo amawerengera pa mikanda 108, ngati kolona. Nambala ija wakubayo sanaipeke, anaiba.

Chimene sananene ndi mtengo weniweni wolowera. M'miyambo yambiri ya ku Tibet, munthu asanapatsidwe ziphunzitso zakuya amayamba ndi ngondro, ntchito zokonzekera. Imodzi mwa izo ndi kudzigwetsa pansi chafufumimba, kudzuka, kudzigwetsanso, maulendo 100,000. Ena zimawatengera zaka. Kenako mphunzitsi, amene iwo amati lama, amamulowetsa pamwambo pamaso ndi pamaso, ndipo wolowayo amalumbira malumbiro otchedwa samaya. Cholinga chimene amalumbirira si galimoto kapena golosale. Ndi kugalamuka kuti athandize zamoyo zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku asanu ndi awiri kuseri kwa nkhokwe sangakwane ngakhale moni.

Ndimakonda kuganiza za mandala ya mchenga. Amonke amagwada masiku angapo akuthira mchenga wamitundumitundu kudzera m'timapaipi tachitsulo, kambewu kamodzikamodzi, mpaka patuluke chithunzi chokongola ngati nsalu ya mfumu. Akamaliza amachisesa, mchengawo n'kukauthira mumtsinje. Phunziro lake ndi anicca, kusakhalitsa kwa zonse. Mlendo ndi mame, timatero. Iwo amati tonse ndife mame, pamodzi ndi nyumba zathu za malata.

Zachinsinsizi siziyenera kutidabwitsa ife a kuno kummawa. Mchewa aliyense amadziwa kuti za kudambwe sazinena pabwalo, ndipo wosalowa akaona chilombo amapatuka. Amishoni oyamba ataona zinyawu anati ndi ziwanda, ndipo ambiri a iwo sanafunse. Zinatenga zaka zambirimbiri mpaka mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu, pamodzi ndi Vimbuza ya abale athu Atumbuka, monga chuma cha anthu onse. Lero timavala bwino kupita ku Mkaika ku Kulamba kukaonera gule yemweyo. Ife amene tinalawa kuwawa kotchedwa a ziwanda ndi anthu osafunsa, tithamangirenji kutcha anzathu dzina lomwelo? Komanso taganizani munthu wa ku Lusaka atalengeza pa Facebook kuti akulowetsa anthu gule pa WhatsApp, ndalama kaye. Mudzi wonse ungaseke mpaka kugwa. Mlongo wanga anaseka nditamuuza zimenezi, ndipo foni inapulumuka.

Apa ndiyenera kuika mwala mbali ina ya sikelo, chifukwa pamene pali chinsinsi ndi mphunzitsi wosafunsidwa, afisi amalowa. Mu 2017 ophunzira asanu ndi atatu a Sogyal Rinpoche, mphunzitsi wotchuka wa ku Tibet amene anayambitsa bungwe la Rigpa, analemba kalata yomuneneza za nkhanza ndi kugona ndi ophunzira, ndipo chaka chomwecho anatula pansi udindo. Iwo amene anali m'kati, odziwa mawu onse aja, anakhala chete zaka zambiri poopa kuswa malumbiro. Ndiye kufunsa sikuthera pakhomo. Ngakhale walowa, funsabe. Ndipo tisaloze chala kutali kokha. Aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta odzozera tili nawo m'misika yathu, ndipo njira yawo ndi ya wamkanjo wofiirira uja: lipira, dikira, zikakanika vuto ndi chikhulupiriro chako, lipiranso.

Abuda enieni sali kutali monga timaganizira. Kungodutsa malire, ku Blantyre, kuli Amitofo Care Centre, malo olerera ana amasiye amene anayambitsa mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, yemwe anayamba wagwira ntchito yomanga kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit ku South Africa. Iwo si a tantra. Dzina loti Amitofo ndi katchulidwe ka Chitchaina ka Buddha Amitabha. Ana kumeneko amaphunzira Chitchaina ndi kung fu, ndipo nyama sadya. Kanema wa Nicole Schafer wa mu 2019, Buddha in Africa, anaonetsa mnyamata wa kumeneko atagwidwa pakati, uku sukulu imene inamulera, uku mudzi wa kwawo. Funso limene kanemayo amadzutsa ndi lolemera, ndipo ndi loyenera kufunsa mishoni iliyonse, ya mtanda kapena ya belu: mwana wamasiye ukamupatsa nsima, uli ndi ufulu womusintha lilime ndi pemphero? Limenelo ndiye funso la anthu ofunsa. Mphekesera zoti Abuda amamwa magazi ndi nkhani za pa bawo.

Dziko lathu linalengezedwa kukhala lachikhristu ndi a Frederick Chiluba mu Disembala 1991, koma malamulo omwewo amasiyira aliyense ufulu wa chipembedzo. Ndipo Lundazi amadziwa kuposa maboma ambiri zimene zimachitika anthu akasiya kulankhulana pa za chikhulupiriro. Okalamba athu akukumbukira Ogasiti wa 1964, miyezi iwiri ufulu usanafike, pamene nkhondo ya mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina inafika pa boma pano usiku ndipo anthu ambiri anafa. Nkhani imeneyo ili ndi mizu yake ya ndale, sindikuyerekeza ndi ya foni. Ndikungoti kuno mphekesera za chipembedzo sitiziseweretsa.

Madzulo a tsiku lija, tikudya, foni ya mnyamatayo inalira. Anali wamkanjo uja, akuti mwezi ukatha khomo litsekeka, atumize msanga theka lokha. Mnyamatayo anasamba m'manja, nawerenga kawiri, nandiyang'ana.

"Atsibweni, liwu lija la ludzu munati chiyani?"

"Tanha."

Anandifunsa kalembedwe kake, ndinamutchulira chilembo chimodzichimodzi. Analemba liwu lokhalo n'kutumiza. Kwinako kunabwera chizindikiro chofunsa, kenaka china. Iye anaika foni chafufumimba pamphasa, natema nsima ina, nayamba kundifunsa ngati ndikudziwa amene angamubwereke mbewu ya soya mpaka kukolola.