Injini ya Fortuner ndi thumba la mwini wake

Ngakhale magalimoto a Toyota Fortuner, amene amapangidwanso ku Durban pa chasisi cha Hilux, amaoneka ofanana kunja, munthu wanzeru, pokumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ayenera kuyamba wafunsa za injini. Ya petulo ya malita 4, ya masilinda 6, ndi yamphamvu ndithu, koma imameza mafuta mopanda chifundo. Pamene ya dizilo ya malita 2.4, ingakhale imachita wefuwefu pokwera Chiweta itasenza katundu, imafika patali ndi thanki imodzi. M'dziko lino, limene mafuta ake amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, nagulidwa ndi ndalama zakunja zosowazo, ine ndisankha ya dizilo ya malita 2.4, ndipo ya dizilo ya malita 2.8 ndiwasiyira okoka ngolo zolemera.