Nchito ya Tyndale, dzina la mfumu

Ambili a inu amene munaphunzila Cingelezi pa sukulu za mishoni mukumbukila Baibulo lija lochedwa King James, la mau akale olemela. Limadziwika ndi dzina la mfumu ya ku England, James Woyamba, amene analamula kuti likonzedwe, ndipo linatuluka mu 1611. Ine ndikuti ulemu unapita kwa munthu wolakwika. Mfumuyo sinamasulile ngakhale vesi limodzi m'bukulo, ndipo amene anaswa mphanje m'mundamo anali ataphedwa ndi kutenthedwa zaka 75 m'mbuyomo. Dzina lake William Tyndale.

Pa nthawi ya Tyndale Cingelezi cinali kuyesedwa cilankhulo ca kumsika ndi ca kukhola. Zinthu za Mulungu ndi za maphunzilo zinali za Cilatini, ndipo kuyambila masiku a bishopu wamkulu Thomas Arundel, zaka zoposa 100 m'mbuyomo, panali lamulo loletsa kumasulila Malemba m'Cingelezi popanda cilolezo ca bishopu. Tyndale, amene anaphunzila ku Oxford, anapita ku London mu 1523 kukapempha thandizo kwa Bishopu Cuthbert Tunstall, nabwelako cimanjamanja. Akuti tsiku lina anauza m'busa wina wophunzila kuti, Mulungu akamsunga ndi moyo, mnyamata wogwila pulawo adzadziwa Malemba kuposa m'busayo.

Mu 1524 anacoka m'dziko la kwao, ndipo sanabwelelenso. Ku Cologne nchito yosindikiza inadukizidwa pakati, iye nathawa ndi mapepala amene anali atatha. Ku Worms mu 1526 Cipangano Catsopano conse cinatuluka, comasulilidwa kucokela ku Cigiliki. Kanali kabuku kakang'ono, kosavuta kubisa m'mitolo ya nsalu, ndipo ndi mmene kanalowela ku England. Tunstall anatentha onse amene anawapeza. Lelo otsala a caka cimeneco ndi atatu cabe.

Tsono tisafulumile kunena kuti onse otsutsa Tyndale anali mbuli. Mdani wake wamkulu anali Thomas More, munthu wophunzila kwambili, amene mu 1529 anakhala nduna yaikulu ya Mfumu Henry Wacisanu ndi Citatu. More sanakane kuti Baibulo likhale m'Cingelezi, malinga mabishopu atalivomeleza. Cimene cinamuwawa ndi mau ocepa amene Tyndale anasankha. Pamene anthu anazolowela kumva "chalichi", iye analemba liu lotanthauza msonkhano wa anthu. Pamene anayembekezela "wansembe", analemba "mkulu". Pamene anaphunzitsidwa kucita nchito zolipila macimo monga wansembe wawalamulila, iye anangoti kulapa. Ndipo liu limene ambili analimva ngati nchito zacifundo analisandutsa cikondi.

Wina angati ndi mau cabe. Koma amene anakhalapo pa bwalo la amfumu adziwa kuti liu limodzi likhoza kusuntha malile a munda. Ngati chalichi ndi msonkhano wa anthu, mphamvu ya bishopu ili kuti? Ngati kulapa kucitika mumtima, nanga wansembe atsala ndi nchito yanji? More anaona zonsezi bwino lomwe, ndipo anali ndi mantha akenso, pakuti mu 1525 alimi a ku Germany anaukila mabwana ao, anthu zikwi zambili naphedwa, ndipo iye anaika mlanduwo pa ciphunzitso ca Martin Luther. Mantha amenewo ndiwamvetsa. Komabe pa nkhani ya Cigiliki Tyndale ndiye anali pa coona, cifukwa liu lakuti presbuteros limatanthauzadi munthu wamkulu, ndipo ekklesia ndi anthu osonkhana. More anamyankha ndi mabuku a mau pafupifupi theka la miliyoni, koma kuculuka kwa mau sikunasinthe tanthauzo la Cigiliki.

Onse awili anafa imfa yowawa. More anadulidwa mutu mu 1535 cifukwa cokana kuvomeleza kuti Henry ndiye mutu wa chalichi ca ku England. Caka comweco Tyndale anapelekedwa ku Antwerp ndi Henry Phillips, munthu amene anadzionetsa ngati bwenzi, natsekeledwa m'linga la Vilvoorde pafupi ndi Brussels. Kalata imodzi imene analemba ali m'ndendemo ikalipo. Anapempha cisoti cofunda, nyali ya madzulo, ndipo koposa zonse Baibulo lake la Cihebeli ndi mabuku omthandiza cilankhuloco, pakuti Cipangano Cakale anali asanacitsilize. Mu 1536 anam'manga cingwe m'khosi, natentha mtembo wake.

Cimene cinatsatila cikanaseketsa cikanakhala cosamvetsa cisoni. Mu 1537 Henry yemweyo analola Baibulo la Cingelezi lochedwa la Matthew, limene mbali yake yaikulu inali ya Tyndale, dzina lokha litabisidwa. Mu 1539 kunatuluka Baibulo lina lalikulu loti liikidwe m'chalichi ciliconse, locokela pa nchito yomweyo. Ndipo akatswili amene anayelekezela mau ndi mau anapeza kuti m'Cipangano Catsopano ca 1611 zigawo zinayi mwa zisanu ndi za Tyndale. Anthu ophunzila oposa 40 anagwila nchitoyo zaka zingapo, ndipo sindikunyoza thukuta lao, koma kwakukulu anali kupalila munda wolima wina.

Cimene cimandikhutilitsa kuti More anauona bwino mlanduwo ndi malamulo amene omasulila a mfumu James anapatsidwa asanayambe. Limodzi linachula Baibulo la Tyndale pakati pa amene anali ololedwa kuonamo. Koma lacitatu linalamula kuti mau akale a chalichi asungidwe, nkuchula mwachuchuchu kuti "chalichi" lisasandutsidwe msonkhano. James, amene ankakhulupilila kuti popanda bishopu palibenso mfumu, anadziwa liu limene linali kumuopseza. Omasulilawo anamvela, nabwezelamo "chalichi". Koma "mkulu" ndi "kulapa" anawasiya monga Tyndale anawalembela.