Rauta isamangovomera zilizonse zomwe neba wanena

Mukatsegula YouTube pafoni muli pa Migowi kapena pa Chiringa, uthenga wanu sudziwa njira yake. Umachoka pa nsanja ya TNM kapena Airtel kukalowa m'makina otchedwa rauta, ndipo rauta iliyonse imangoupatsira inzake mpaka ukafike. Dziko lathu silinachite malire ndi nyanja yamchere, choncho zambiri zimadutsa m'zingwe za fiber kupita ku Tanzania kapena ku Mozambique, komwe zimakalumikizana ndi zingwe zapansi pa nyanja.

Nanga rauta imadziwa bwanji koti ipatsire? Imachita kuuzidwa ndi maneba. Kampani iliyonse ya intaneti ili ndi maadiresi ake a IP, omwe kuno ku Africa amagawa ndi a bungwe la AFRINIC la ku Mauritius. Rauta za kampaniyo zimalengeza kwa rauta za makampani oyandikana nawo kuti, "Ofuna maadiresi awa adzere kuno." Neba akamva amauzanso neba wake, basi mpaka dziko lonse lamva. Malamulo a kalengezedweka amatchedwa BGP, ndipo anayamba mu 1989, intaneti idakali yaing'ono, oiyendetsa akudziwana. BGP payokha siifunsa ngati wolengezayo akunena zoona. Imangokhulupirira.

Taganizani woitanira pasiteji ya minibasi pa boma akukuwa kuti "Limbe! Limbe!" pomwe galimoto yake ikulowera ku Jali. Anzake onse n'kumangobwereza, kulozera anthu komweko. Ndi zomwe zinachitika pa 24 February 2008. Boma la Pakistan linalamula kuti YouTube itsekedwe m'dzikomo, ndiye a Pakistan Telecom anauza rauta zawo kuti maadiresi a YouTube ali kwa iwo, n'cholinga choti mauthenga azingothera pomwepo. Koma chilengezocho chinadumpha mpanda n'kufika kwa PCCW, kampani ya ku Hong Kong yomwe inkawalumikiza ndi dziko lakunja. A PCCW osasefa, anangochimwaza.

Apa pali kasamu, a Fomu 3 tcherani khutu. Adiresi ya IPv4 ili ndi ma bit 32. YouTube inkalengeza gulu la /22, kutanthauza kuti ma bit 10 atsala, ndipo 2 mukamuchulukitsa yekha ka 10 mupeza maadiresi 1,024. Pakistan inalengeza /24: atsala 8, maadiresi 256. Rauta ikapatsidwa njira ziwiri imasankha yomwe yaloza mwachindunji, ya gulu laling'ono, monga momwe inunso mungatsatire wokuuzani mudzi weniweni kusiyana ndi wongoti "ndi ku Phalombe". Ndiye bodza linapambana. Kwa maola pafupifupi awiri, anthu ambiri padziko lapansi sanathe kuonera YouTube.

Ambiri amaloza chala Pakistan. Ine ndimati mlandu waukulu unali wa neba. Kuphonya pa kiyibodi aliyense amaphonya, eti? Koma amene akulandira chilengezo ali ndi mpata wofunsa kuti, kodi kasitomala wangayu maadiresi amenewa ndi akedi? Kusefa ndi kumeneko. Mumalemba mndandanda wa maadiresi omwe neba aliyense akuloledwa kulengeza, china chilichonse rauta ikane. Mumaikanso malire a chiwerengero, kuti neba yemwe amatumiza njira 20 akangotulukira ndi 20,000, rauta idule kulumikizanako. Masiku ano kulinso RPKI, momwe mwini maadiresi amasainira pakompyuta kuti ndani ali ndi chilolezo chowalengeza.

Musaganize kuti ndi za kutali zokha. Pa 12 November 2018 kampani ya MainOne ya ku Nigeria inalakwitsa pokonza rauta zake, njira za Google zinatayikira ku China Telecom, ndipo kwa nthawi yopitirira ola mauthenga opita ku Google ankasochera. Panonso panali neba yemwe akanatha kukana.

Ena amati kusefa ndi chintchito, mndandanda ukakalamba mutha kutsekera kasitomala wosalakwa, komanso phindu lake amadyerera ndi ena, osati wosefayo. Zoona ndithu. Kampani yaing'ono yokhala ndi mainjiniya awiri ili ndi zambiri zoti ichite. Komatu lero pa intaneti pakuyenda ndalama za fizi, mabanki, ngakhale machenjezo a nyengo, ndipo ife a kuno amene tinaona namondwe Freddy mu March 2023 tikudziwa kuti uthenga ukachedwa ola limodzi zimatha bwanji. Njira yosokera imathanso kukhala yadala, wina akufuna kusuzumira zomwe mukutumiza.

Makampani athu amakumana kale pa Malawi Internet Exchange ku Blantyre, pomwe amapatsirana mauthenga a m'dziko momwemuno osazungulira kunja. Pamenepo m'pabwino kugwirizana kuti aliyense azisefa. Ndipo a MACRA popereka chiphaso kwa kampani ya intaneti, ndikanakonda atamafunsa mafunso awiri: kodi mumasefa njira zochokera kwa makasitomala anu, nanga maadiresi anu munawasainira mu RPKI?